Kuphunzitsa Mwana Amene Sitikumuona

Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse za m'Malaŵi zidatsekedwa chifukwa cha mliri wa COVID-19, ndipo zidayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono pa 7 Seputembala. Mu Januwale 2023 kolera idachedwetsa kutsegulira kwa sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe, ndipo mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy adatseketsa sukulu zambiri m'chigawo cha kummwera. Choncho inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi muyenera kudziŵa kuti tsiku lina mudzaphunzitsa ana amene simukuŵaona.

M'kalasi mphunzitsi amatsogozedwa ndi nkhope za ana. Mwana akachita tsinya, timabwereza; akayamba kuyasamula, timasintha njira. Pa wailesi kapena pa foni nkhopezo sizioneka, motero phunziro liyenera kukonzedwa mwakuti ligwire lokha ntchito imene maso athu ankagwira.

Choyamba, tisankhe chida chimene chili kale pakhomo, pakuti akuluakulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Mu 2020 Unduna wa Zamaphunziro udaulutsa maphunziro a pulayimale pa wailesi ya MBC, ndipo a sekondale udaŵaika pa intaneti. Koma makomo ambiri a kumudzi alibe magetsi, ndipo foni ikakhalapo imakhala ya makolo, amene amafika nayo madzulo. Uthenga wa mawu waufupi pa WhatsApp sudya ndalama zambiri ngati kanema, ndiponso mwana angathe kuumvetsera kangapo.

Chachiŵiri, phunziro likhale ndi cholinga chimodzi chokha. Ngati ndi kuwonkhetsa, tisaphatikizepo kuchotsera. Zipangizo zikhale za pabwalo pomwepo: timiyala, nthanga za chimanga kapena zitsekerero za mabotolo.

Chachitatu, tizifunsa funso n'kukhala chete. Njira imeneyi ndiyo inkagwiritsidwa ntchito m'pulogalamu ya pa wailesi ya Tikwere: wolankhula ankapereka mpata wakuti ana ayankhe, aimbe kapena aŵerenge zala. Mphunzitsi wosapuma amasandutsa mwana kukhala womvera chabe.

Chachinayi, pakhale njira yakuti ntchito ya mwana ibwerere kwa ife. Kholo lingajambule tsamba la kope ndi foni n'kutumiza. Kumene kulibe foni, makope angasonkhanitsidwe pamalo amodzi tsiku lopangana. Popanda kuchonga sitingadziŵe amene watsalira, ndipo wotsalirayo, makamaka mtsikana, ndiye amene sabwerera sukulu ikatsegulidwa.

Luso limeneli silibwera pa tsiku la tsoka. Tikukulangizani kuti mudakali pano pakoleji mujambule phunziro la mphindi 5 pa foni, mumupatse mnzanu amvetsere ali m'chipinda china, kenaka achite zimene mwamuuza. Pamene iye asokonezeke ndi pomwenso mwana wa Sitandade 2 adzasokonezeke, ndipo pamenepo ndi poyenera kukonza.