Mimba ya wantchito sidikira okushoni

Mnzanga wina wogulitsa kaunjika mumsika wa Lilongwe adaganiza zoyamba ulimi. Geni itamuyendera, adachita lendi munda ku Kasungu, n'kukatenga mabanja atatu ku Phalombe kuti adzamulimire fodya wa bale. Msuweni wake adamupatsa ukapitawo. Iye mwini adatsala m'tauni, mundawo n'kumauyendetsa pafoni.

Tsiku lina ndidamupeza nkhope ili gwa. "Achimwene, anthu awa ndi mbava. Ndidatumiza matumba 10 a feteleza, koma fodya wachita chikasu ngati sadathirepo kanthu. Ndamva kuti matumba awiri adakagulitsa."

Ndidamufunsa kuti anthuwo adawalipira liti komaliza. Adandiyang'ana ngati ndaledzera. "Kulipira? Si tidapangana kuti tidzaonana fodya akagulitsidwa ku okushoni?"

Apa mpomwe pagona nkhani, abale anga a geni, ndipo ambiri a inu amene mwayamba ulimi wa pafoni mukuchita zomwezi.

Tiyeni tiwerenge miyezi. Nazale ya fodya imayamba cha mu Seputembala. Mvula ikagwa mu Disembala n'kuwokera, kenaka kupalira, kubandira. Febuluwale ndi Malichi n'kuthyola, kusoka, kuyanika m'chigafa. Msika ku Kanengo kapena ku Chinkhoma umatsegulidwa cha mu Epulo, ndipo mabelo a mlimi wamng'ono akhoza kudikira mpaka Julayi. Ndiye kuti munthu akhale miyezi 10 akugwira ntchito wopanda tambala m'thumba. Nanga mwana akadwala malungo mu Januwale, mzimayi akafuna sopo, mchere kapena ya chigayo, atani? Thumba la feteleza lili pakhonde, ogula ali pamsewu. Sindikuvomereza kuba ayi, koma bwana amene walipanga dala dongosolo lotere asadabwe.

Inu a geni katapila mumamudziwa. Tsono taganizani: wantchito amene wakudikirani miyezi 10 wakukongozani thukuta lake, popanda chiwongoladzanja, popanda chikole. Matalala akagwa, fodya akaola m'chigafa, mitengo ikavuta ku okushoni, mumamuuza kuti "chaka chino sizidayende, mwaona nokha". Ndiye kuti phindu ndi lanu, koma chiphaso cha tsoka mwamugwiritsa iye. Ndani wa inu angapereke belo la kaunjika pa mgwirizano wotere?

Ndiye pali kope lija. Chitini cha chimanga, alemba. Khasu, alemba. Mankhwala a mutu, alemba. Mtengo woika bwana, kope losunga kapitawo, wantchito saliona n'komwe. Pofika tsiku lowerengera amuuza kuti zonse zathera m'ngongole, mwinanso iyeyo ndiye ali ndi ngongole. Yobwerera ku Phalombe alibe, akhalanso chaka china. Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Malipiro a mu Julayi ndi fodya wa pachala.

Ophunzira amene mumawerenga mbiri, izi simukuzimva koyamba. M'maesiteti a azungu ku Chiradzulu ndi Thyolo kudali thangata, anthu ankalima munda wa mwini malo m'malo mwa lendi. Ambiri adali Alomwe ochokera ku Mozambique, opanda poti n'kuthawira. Mkwiyo wa thangata udali chimodzi mwa zomwe zidautsa nkhondo ya John Chilembwe mu Januwale 1915, pamene William Jervis Livingstone adaphedwa ku Magomero. Chondiwawa n'chakuti lero amene wagwira kope ndi mnzathu wakuda, amapemphera nafe tchalitchi chimodzi.

Ndipo lamulo silili kumbali ya mnzanga uja. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la zolembana ntchito n'kuthetsa utenanti. Wolima m'munda mwanu ndi wantchito ngati wa m'sitolo, ayenera kulandira malipiro ake. Lamulo la 2000 limaletsanso kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Koma mukamupatsa bambo ndime yoti sangaimalize yekha, mwalemba banja lonse mwakachetechete: mayi asoka fodya, ana athawa sukulu kukathyola masamba onyowa omwe amawachititsa chizungulire ndi kusanza. Wina anena kuti izi n'zam'mudzi, ndani angazione? Mu Novembala 2019 dziko la Amereka lidayamba kugwira fodya wa ku Malawi m'madoko ake pa nkhani yomweyi ya ana ndi ntchito yokakamiza, ndipo makampani ena adaloledwanso mu 2020 atapereka umboni woti fodya wawo alibe banga limeneli.

Ndikudziwa yankho lanu: mpamba ngwochepa, ndalama ya mwezi ndi mwezi ichoka kuti? Ine ndikuti malipiro muwawerengere pamodzi ndi mbewu ndi feteleza musadagwire khasu. Feteleza simutenga ulere pa sitolo, bwanji munthu? Ngati ndalama ikukwana anthu awiri, chepetsani munda, lembani awiri. Mgwirizano ulembedwe m'Chichewa, a mfumu aone, pepala lina lanu, lina lake. Ndipo malipiro musadutsitse m'manja mwa kapitawo, ngakhale akhale msuweni. Foni yomwe mumakalipira nayo ija imatumizanso ndalama. Koma kumundako muzipondako ndithu, mukaone pomwe anthu anu akugona ndi chomwe akudya.

Mnzanga uja adapita ku Kasungu sabata yotsatira, ulendo woyamba chiwokerereni fodya. Adakapeza banja limodzi lidachoka kale kukachita ganyu kwa mlimi wina wolipira tsiku lomwelo. Chimanga cha phoso chomwe ankatumizira ndalama mwezi uliwonse chidasiya kufika mu Disembala. Za matumba awiri aja, antchito adaloza msuweni, msuweni adaloza antchito, ndipo kope lidali litanyowa ndi mvula.