Sikelo Ikaima: Zoona Zake za Kusinthasintha Makalori

Anthu ambiri amene ayamba kuchepetsa thupi amaona kulemera kwawo kukutsika msanga poyamba, koma pakatha miyezi pafupifupi 6 sikelo imangoima pamodzimodzi ngakhale iwo akuti sanasinthe kadyedwe. Alangizi ena a masewera olimbitsa thupi amati mankhwala a vutoli ndi kusinthasintha makalori, kutanthauza kudya pang'ono masiku ena ndi kuwonjezera masiku ena, ati chifukwa thupi likapusitsidwa motero limayambiranso kusungunula mafuta. Njirayi ili ndi phindu ndithu, koma phindu lake silichokera kumene ambiri amaganiza.

Kalori ndi muyeso wa mphamvu zimene thupi limapeza m'chakudya: galamu imodzi ya mafuta imapereka makalori 9, pamene galamu ya zakudya zopatsa mphamvu monga ufa ndi shuga, kapena ya zakudya zomanga thupi, imapereka 4. Gawo lalikulu la mphamvuzi limatha pa ntchito zimene sizileka ngakhale munthu ali m'tulo, monga kupuma, kugunda kwa mtima ndi kufunditsa thupi, ndipo zotsalazo zimapita ku kugaya chakudya, kuyenda ndi kugwira ntchito. Munthu amachepa thupi pokhapokha zolowa zikachepa kuyerekeza ndi zotuluka, ndiye kuti sikelo ikaima kwa milungu ingapo, mbali ziwirizi zafananso.

Zimafanana pa zifukwa zingapo. Choyamba n'chakuti thupi locheperapo limafuna mphamvu zocheperapo, moti chakudya chimene chinkapereŵera kwa munthu wa makilogalamu 95 chingakhale chokwanira akafika pa 85. Chachiwiri n'chakuti thupi limayamba kuumira mphamvu, ngati banja limene limachepetsa ufa wa mumphika likaona chimanga chikutsika m'nkhokwe. Ancel Keys anaonetsa zimenezi ku Minnesota m'zaka za 1944 ndi 1945, pamene amuna 36 anadzipereka kudya pafupifupi theka la chakudya chawo kwa milungu 24: kulemera kwawo kunatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo mphamvu zimene matupi awo ankagwiritsa ntchito akupuma zinatsika ndi pafupifupi 40 pa 100. Mu 1994 gulu la Jeffrey Friedman linatulukira leptin, homoni yopangidwa ndi mafuta a m'thupi, imene imachepa mafutawo akamatha, ndipo ikachepa ubongo umakulitsa njala.

Chifukwa chachitatu, chimene nthawi zambiri chimaposa zinazo, n'chakuti chakudya chimabwerera pang'onopang'ono mwini wake osazindikira. Kafukufuku wa mu 1992 wa Steven Lichtman ndi anzake ku New York anapeza kuti anthu amene ankadandaula kuti sakuchepa thupi ngakhale akudya pang'ono, ankatchula chakudya chochepa ndi 47 pa 100 poyerekeza ndi chimene ankadyadi. Sikuti ankanama, koma maso sadziwa kuyeza chakudya. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120, kasupuni ka shuga kali ndi 16, choncho mayi amene wathira mafuta mosayeza m'ndiwo zamasamba, n'kumwa tiyi kawiri wa masupuni atatuatatu, n'kuwonjezapo mandazi pobwera ku msika, angathe kubweza makalori onse amene anapulumutsa posiya mtanda umodzi wa nsima.

Apa ndi pamene kusinthasintha makalori kuyenera kuyesedwa, ndipo masamu ake ndi osavuta. Munthu amene thupi lake limafuna makalori 2,200 pa tsiku amafuna 15,400 pa mlungu. Akamadya 1,800 tsiku lililonse amafika 12,600, ndipo akamadya 1,600 kwa masiku asanu ndi 2,300 kwa masiku awiri amafikanso 12,600 yomweyo. Koma masiku awiriwo akasanduka phwando la makalori 3,500, zimene sizivuta paukwati kapena pamowa wa Loweruka, mlunguwo umatha ndi 15,000, ndipo kupereŵera kwa 2,800 kumatsala 400 kokha. Thupi limawerengera zonse pamodzi, silisamala kuti lero ndi lachingati.

Kafukufuku akugwirizana ndi masamuwa. Mu 2017 gulu la Krista Varady ku University of Illinois at Chicago linafalitsa zotsatira za anthu 100 amene anatsatiridwa kwa chaka: odya pang'ono kwambiri tsiku lina n'kudya mokwanira tsiku lotsatira anachepa ndi 6.0 pa 100, pamene ochepetsa mofanana tsiku lililonse anachepa ndi 5.3 pa 100, kusiyana kosanunkha kanthu, ndipo amene anasiyira panjira anali ambiri m'gulu loyambalo. Umboni wokomera njirayi unachokera ku Australia, m'kafukufuku wotchedwa MATADOR wotsogoleredwa ndi Nuala Byrne, wa amuna 51 onenepa kwambiri. Gulu lina linachepetsa chakudya ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kwa milungu 16 yotsatizana, pamene lina linkachepetsa milungu iwiri n'kupumula milungu iwiri, ndipo mwa amene anatsatira dongosolo mpaka kumapeto, opumulawo anachepa ndi makilogalamu pafupifupi 14 pamene enawo anachepa ndi 9. Komabe kupumulako kunali kwa milungu iwiri yathunthu osati tsiku limodzi, chakudya chake chinali choyezedwa kuti chingokwanira osapitirira, ndipo ulendo wonse unatenga milungu 30.

Chinanso chimene chimasokoneza anthu ndi madzi. Thupi limasunga shuga m'chiwindi ndi m'minofu ngati glycogen, ndipo galamu iliyonse ya glycogen imagwira magalamu pafupifupi atatu a madzi, choncho tsiku lodya nsima yambiri ndi ndiwo zamchere lingakweze sikelo ndi kilogalamu yathunthu imene si mafuta. Madziwo akatuluka pakapita masiku angapo, munthu amayamikira njira yake yatsopano pachabe. N'chifukwa chake akatswiri a kadyedwe amayang'ana pakatikati pa miyeso ya mlungu wonse pamodzi ndi kukula kwa chiuno, ndipo sanena kuti sikelo yaima pasanathe milungu itatu kapena inayi.

Phindu lenileni la kusinthasintha makalori lili m'khalidwe la munthu: amene akudziwa kuti Lamlungu adya nkhuku ndi mpunga pamodzi ndi banja lake amapirira mosavuta masiku enawo, ndipo dongosolo limene munthu angalisunge chaka chathunthu limaposa lokhwima limene amalitaya pakatha mwezi. Odwala matenda a shuga amene amabaya insulin kapena kumwa mankhwala otsitsa shuga, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ana, ndiponso amene anavutikapo ndi matenda a kadyedwe sayenera kuyesa njirayi popanda uphungu wa dokotala. Kwa ena onse, poyambira pabwino ndi kulemba chilichonse cholowa m'kamwa kwa milungu iwiri, kuyeza mafuta ndi supuni, ndi kuwerengeranso zofunika za thupi malinga ndi kulemera kwatsopano, kenako n'kusankha masiku owonjezera popanda kukweza chiwerengero cha mlungu wonse.