Ufa woyera wa mu chakudya cha nkhuku: samalani ndi selenium

Ngati gulu lanu likuweta nkhuku ndipo mwayamba kusakaniza nokha chakudya chifukwa cha kukwera mtengo kwa matumba a kusitolo, tengani paketi ya premix ija muwerenge kumbuyo kwake. Pakati pa maina a mavitamini mupezapo mawu akuti selenium, ndipo kawirikawiri amaikidwamo ngati sodium selenite. Umenewu ndi ufa woyera wosungunuka m'madzi, wooneka ngati soda wophikira therere. Thupi la nkhuku limafuna selenium, la munthunso chimodzimodzi, koma ufa umenewu ukakhala pawokha ndi poizoni woopsa kwambiri.

Nkhani yonse yagona pa muyeso. Munthu wamkulu amafunika mayikulogalamu 55 okha patsiku, ndipo mayikulogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu imodzi. Ku America malamulo salola kuthira selenium woposa magalamu 0.3 mu tani yathunthu ya chakudya cha ziweto, ndiye kuti matumba 20 a makilogalamu 50. Kamuyeso kotere sikatheka ndi supuni ya tiyi. N'chifukwa chake makampani amayamba ausakaniza ndi zinthu zina zambiri n'kupanga premix, kuti mlimi asamagwire ufa weniweniwo.

Mwina munamvapo kuti Amalawi ambiri tili ndi selenium wochepa m'thupi. Ndi zoona. Kafukufuku wa akatswiri a zaulimi a kuno ndi anzawo a ku yunivesite ya Nottingham, amene anatuluka mu 2011, anapeza kuti chimanga cha m'madera ambiri chili ndi selenium wochepa chifukwa cha dothi lathu, kupatula cha m'dothi lamakande monga la kuchigwa cha Shire. Mu 2019 amayi ndi ana a kwa Wimbe ku Kasungu anapatsidwa ufa wa chimanga cholimidwa ndi selenium woyezedwa bwino, ndipo selenium wa m'magazi awo anakwera. Dziko la Finland lakhala likuthira selenium mu feteleza kuyambira 1984. Koma taonani njira yake: amadzera m'nthaka ndi m'mbewu, akatswiri atayeza. Palibe amene ananyambita ufa kapena kumwa mankhwala a ziweto.

Muyeso ukaphonyeka, zotsatira zake n'zowawa. Mu 2008 anthu 201 ku America anadwala atamwa mankhwala owonjezera mphamvu m'thupi omwe anali ndi selenium wochuluka pafupifupi ka 200 kuposa zimene zinalembedwa pabotolo. Anatsekula m'mimba, anafooka, tsitsi linathothoka, zikhadabo zinasintha mtundu n'kuyamba kuphwanyika, ena mpaka miyezi ingapo. Chaka chotsatira, mahatchi 21 a masewera anafa ku Florida atabayidwa jakisoni wa mavitamini amene osakaniza anachulutsamo selenium. Ngati anthu okhala ndi masikelo a mu labotale anaphonya, nanji ife oyeza ndi maso. Chizindikiro china chimene madokotala amachidziwa bwino ndi mpweya wa m'kamwa wonunkha adyo pamene munthuyo sanadye adyo.

Pali mtundu winanso woopsa kwambiri, selenium dioxide. Ukakhudzana ndi madzi, ngakhale thukuta kapena misozi, umasanduka asidi wotentha khungu. Ukalowa kunsi kwa zikhadabo ululu wake ndi wosasimbika, fumbi lake limatupitsa zikope ndi kupweteka mapapo, ndipo kumwa pang'ono chabe kumatha kupha. Umagwiritsidwa ntchito m'mafakitale a magalasi, m'malabotale, ndi m'madzi odetsera zitsulo monga mfuti. Simungaupeze pagolosale, koma zigubu ndi mabotolo otha ntchito amayenda mtunda wautali asanafike pamsika. Chigubu chimene simukudziwa chimene chinalimo, makamaka chokhala ndi chithunzi cha chigaza ndi mafupa kapena cha dzanja lodontheredwa mankhwala, musatungiremo madzi ngakhale mutachitsuka kangati.

Tibwerere kukhola. Premix ndi wosungunulidwa kale, choncho sali woopsa ngati ufa weniweniwo, komabe si chakudya cha munthu. Tsatirani muyeso wa papaketi pogwiritsa sikelo, ndipo musawonjezere poganiza kuti nkhuku zikula msanga. Selenium akachuluka nkhuku zimafooka ndipo mazira saswa bwino. Sakanizirani panja pa mpweya wabwino, mutavala magolovesi ndi chophimba pakamwa ndi pamphuno, mwana wa kumsana mutamusiyira mnzanu. Beseni ndi fosholo zosakanizira zikhale za ntchito yomweyo basi, osati lichero lopetera ufa wa nsima. Mukamaliza sambani m'manja ndi sopo musanadye kapena kuyamwitsa. Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi chizolowezi chathu chogawana mankhwala m'timapepala ta shuga topanda dzina. Ufa woyera wopanda dzina ukalowa m'khitchini, ndani angausiyanitse ndi soda? Usiyeni m'paketi yake, pamalo okiyidwa. Madzi otsukira ziwiyazo musawataye pafupi ndi chitsime kapena dziwe la nsomba, chifukwa selenium amapha nsomba. Jakisoni wa selenium wa mbuzi ndi ng'ombe asiyireni alangizi a ziweto.

Ngozi ikachitika, madzi ndiwo oyamba. Vulani chovala chimene chadontheredwa, tsukani khungu kapena diso ndi madzi ambiri aukhondo kwa mphindi zosachepera 15. Munthu akameza, musamusanzitse, pakuti asidi amawotcha kukhosi kawiri, polowa ndi potuluka. Musataye nthawi ndi mkaka kapena mafuta ophikira. Mtsukeni m'kamwa n'kuthamangira naye kuchipatala mutanyamula paketi kapena botolo lija. Palibe mankhwala otsimikizika ochotsa poizoni ameneyu m'thupi, choncho madokotala amalimbana ndi kupuma, mtima ndi madzi a m'thupi, ndipo amafunika kudziwa msanga chimene wodwalayo wameza.

Mankhwala ena otsukira m'mutu ochotsa mfundu ali ndi selenium sulfide. Amenewa ndi ololedwa pakhungu, bola asapakidwe pa zilonda, asalowe m'maso, ndipo atsukidwe bwino. Ponena za kuchepa kwa selenium m'thupi mwanu, nsomba monga usipa ndi matemba, mazira ndi nyama zimathandiza, ndipo mapilisi owonjezera musamwe musanafunse kuchipatala.