Mabuleki a ABS: Kagwiridwe Kake ndi Katchulidwe Kake

Galimoto imagunda msewu ndi kachigawo kochepa ka tayala lililonse, kofanana ndi chikhatho cha munthu. Woyendetsa akaponda buleki mwadzidzidzi pamsewu wonyowa, gudumu limatha kuleka kuzungulira galimotoyo isanaime. Zikatero tayala limangokhwekhwerezeka, ndipo ngakhale woyendetsa apotoze chiwongolero chotani, galimoto siimva. Imangolowera kumene liwiro likuikankhira. Mabuleki a ABS anapangidwa pofuna kuthana ndi vuto limeneli.

Pa gudumu lililonse pamakhala mkombero wa mano ndi kachipangizo kowerenga manowo akamadutsa. Kompyuta yaing'ono imalandira mawerengedwewo, ndipo ikaona kuti gudumu lina likutaya liwiro mofulumira kuposa anzake, imadziwa kuti latsala pang'ono kuima. Pomwepo imalamula mavavu kuti achepetse mphamvu ya mafuta a mabuleki opita ku gudumu lokhalo. Gudumulo likayambanso kuzungulira bwino, mphamvu ija imabwezeredwa, ndipo pampu imabweza mafuta amene anapatutsidwa. Kugwira ndi kulekerera kumeneku kumachitika kambirimbiri pa sekondi imodzi, zimene phazi la munthu silingathe. N'chifukwa chake chopondera chimanjenjemera. Ena amachita mantha n'kuchotsa phazi, komatu kumeneko ndiko kulakwitsa: woyendetsa ayenera kupondabe mwamphamvu uku akuwongolera kuti apewe chimene chili kutsogolo.

Nzeruyi inayambira pa ndege. M'zaka za m'ma 1950 kampani ya Dunlop ya ku Britain inapanga chipangizo chotchedwa Maxaret, ndipo mu 1978 makampani a Bosch ndi Mercedes-Benz a ku Germany anayamba kuika ABS yoyendera kompyuta m'galimoto zogulitsa.

Alembi ndi aphunzitsi asamale potchula mabuleki amenewa. Kulemba kuti "mabuleki osagwira" n'kusocheretsa, pakuti Mchewa akamva choncho amadziwa kuti mabulekiwo ndi akufa. Ndi bwino kusunga zilembo za ABS, n'kufotokoza kuti ndi mabuleki oletsa magudumu kukhwekhwerezeka. Dzina lakuti "mabuleki oimitsa msanga" nalonso lili ndi chilema, chifukwa si nthawi zonse pamene amatero. Pamsewu wa mchenga kapena wa timiyala, gudumu lokhwekhwerezeka limaunjika dothi patsogolo pake, ndipo muluwo umathandiza kuimitsa galimoto. Gudumu la ABS limangokwera pamwamba pa dothilo, kotero galimoto imatha kukaimira patali.