Wophunzira akavomera kafukufuku, kodi wavomeradi?

Mu Ogasiti 1971, apolisi a mumzinda wa Palo Alto ku California anafika pamakomo a anyamata ena a pakoleji n'kuwamanga maunyolo anansi akuonerera. Anyamatawo sanalakwe kanthu. Anali atayankha chilengezo cha m'nyuzipepala chofuna ophunzira olowa m'kafukufuku wa moyo wa m'ndende, pamalipiro a madola 15 patsiku. Zoti adzagwidwa kunyumba ngati zigawenga, palibe anawauza.

Philip Zimbardo, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Stanford, anasankha ophunzira 24, ena akhale akaidi, ena owalondera, ndipo iye mwini anadziika kukhala mkulu wa ndendeyo. Mnyamata wina atapempha kuti achoke, anabwerera kwa anzake n'kuwauza kuti muno mulibe zotuluka. Kafukufukuyo anayenera kutenga masabata awiri, koma analekeka patatha masiku 6, katswiri mnzake wa Zimbardo, Christina Maslach, atadzudzula nkhanza zimene anaona.

Ophunzira onsewa anasaina mapepala ovomera. Koma kuvomera kopanda kudziwa zonse, kopandanso khomo lotulukira, si kuvomera.

Masiku ano chikakamizo sichibwera ndi unyolo. Chimabwera mphunzitsi akaima kutsogolo kwa kalasi, n'kugawa mafunso a kafukufuku wake, pamene malikisi a onse ali m'manja mwake. Ndani angakane maso a aphunzitsi ali pa iye? Wina amavomera poopa kulephera mayeso, wina chifukwa cha kandalama kamene walonjezedwa, popeza fizi yamuthina.

Lipoti la Belmont la 1979 ku America linatchula misampha iwiriyi: kuopseza munthu, ndi kumunyengerera ndi mphoto yoti sangathe kuikana. Bungwe la American Psychological Association limalamulanso kuti ngati kulowa m'kafukufuku kukupatsa malikisi, wokana apatsidwe ntchito ina yolingana nayo.

Kuno ku Malawi, makomiti monga NHSRC amaunika kafukufuku wa zaumoyo asanayambe. Komabe chidindo cha komiti sichilowa m'kalasi. N'chifukwa chake wopempha ophunzira azikhala munthu wina, osati wowachongera mayeso; mphunzitsi asadziwe amene wakana; ndipo wofuna kusiyira panjira azisiya popanda kufunsidwa chifukwa.

Wophunzira amene sangakane osataya kanthu, ngakhale atasaina, sanapatsidwe mwayi wosankha.