Nyongolotsi za Cikasu mu Nsomba: Kodi Ndiwo Zitayidwe?

Amai ambiri a m'makomboni amati akagula pende pa msika, potumbula kunyumba amapeza tinthu ta cikasu tonga mbeu za mpunga m'matsaya mmene nsomba imapumira, kapena pansi pa khungu. Nthawi zina tinthuto timayenda. Ena amataya ndiwo zonse ngakhale kuti ndalama yogulira zina palibe. Ena amabwerera ku msika kukakangana ndi wogulitsa kuti wawapatsa nsomba yoola.

Tinthu timeneti si mphutsi za nchenche ai. Ndi nyongolotsi yophwatalala ngati tsamba imene akatswiri amaicha Clinostomum, ndipo imapezeka mu nsomba za m'mitsinje ndi m'madamu m'maiko ambiri. Imalowa nsomba ikali yamoyo m'madzi, ndi kukhala m'kathumba kakang'ono. Nsomba ikafa, nyongolotsi zina zimaboola kathumbako ndi kuyamba kukwawa. Ndiye cifukwa cake nsomba yogwidwa m'mawa womwewo ingaoneke ngati yagwa mphutsi. Kuola kwa nsomba kumadziwika ndi fungo, maso olowa mkati ndi mnofu wofewa umene subwerera ukadinidwa ndi cala.

Nyongolotsi iyi siingathe kukula popanda zamoyo zitatu: mbalame, nkhono ndi nsomba. Yaikulu imakhala m'kamwa ndi kummero kwa kakowa ndi mbalame zina zodya nsomba. Siifuna inzake kuti ibale, pakuti iri ndi ziwalo zacimuna ndi zacikazi zomwe. Mbalame ikamiza mlomo m'madzi, kapena ikacita cimbudzi, mazira amagweramo. M'dzira mumaturuka kacirombo kosaoneka ndi maso, kamene kayenera kupeza nkhono ya m'madzi msanga, kakalephera kamafa. Kakalowa m'nkhono kamaculukana, kamodzi n'kukhala tambirimbiri. Timeneti timaturuka tiri ndi micira, timasambira, ndipo tikakumana ndi nsomba timaboola khungu ndi kudzimangira kathumba. Pamapita miyezi kuti tikule kufika poonekera ndi maso, ndipo tingathe kudikira m'menemo zaka. Cimene tidikira ndi kakowa. Akameza nsombayo, nyongolotsi imaturuka m'kathumba, imakwera kummero, ndipo m'masiku owerengeka imayamba kuikira mazira.

Munthu sali pa ulendo umenewu. Amangolowererapo ngati wadya nsomba yaiwisi kapena yosapsa bwino. Zikatero nyongolotsi imacita monga momwe ikadacitira mwa mbalame: imakwera ndi kumamatira kummero. Wodwala amamva kuwawa pomeza, amatsokomola, ndipo amadandaula kuti pali cinthu cimene cakakamira pakhosi. Matendawa analembedwa koyamba ku Japan mu 1938, ndipo ku Korea mu 1995, maiko kumene anthu amakonda nsomba yaiwisi. Madokotala amaicotsa ndi kapani atayang'ana kummero ndi nyali, ndipo ululu umatha. Munthu womva zotere atadya nsomba ayenera kupita ku cipatala, osati kudzikolowola ndi zala kapena kumeza mbamu zikuluzikulu za nsima monga amacitira ena munga ukawabaya.

Abale a nyongolotsi iyi a ku Asia ndiwo oopsa zedi. Opisthorchis viverrini ya ku Thailand ndi Laos, ndi Clonorchis sinensis ya ku China, Korea ndi Vietnam, nazonso zimadutsa mu nkhono ndi nsomba, koma mu nsomba sizioneka ndi maso. Zikalowa mwa munthu zimakakhala m'njira za ndulu m'ciwindi kwa zaka zoposa 20. Bungwe la IARC, loona za khansa pansi pa World Health Organization, linaika yoyambayo pa mndandanda wa zinthu zobweretsa khansa mu 1994, ndipo yaciwiriyo mu 2009. Awa ndi matenda a ku Asia, koma amene amapita kumeneko pa malonda kapena pa maphunziro ayenera kukana nsomba ya m'mitsinje yosaphika, ngakhale yoviikidwa m'mandimu ndi tsabola. Mandimu sapha nyongolotsi.

Cimene cimapha ndi moto. Nsomba ikatentha mpaka mkati kufika madigiri 63, mnofu n'kuyera ndi kulekana ndi minga mosabvuta, nyongolotsi zonse zafa. Kaphikidwe ka masiku onse, kokazinga kenaka n'kubwatitsa mu supu ya matimati ndi anyezi, n'kokwanira. Pamene pali bvuto ndi pa nsomba yaikulu yoocha pa mbaula ya moto waukali, imene imapserera kunja koma pafupi ndi msana ikali ndi magazi. Yotere iyenera kucekedwa mizere yakuya isanaikidwe pa moto. Ana amene amawedza tinsomba ku damu ndi kungotiwaula pa moto wa mapesi nawonso ayenera kucenjezedwa. Nsomba youma, yamcere kapena yofutsa pa utsi iyenera kuphikidwa ndithu. Ngati nyongolotsi ziri zocepa, amai angazicotse ndi nsonga ya mpeni ndi kuphika ndiwo zao. Ngati zadzaza mnofu wonse, palibe amene angakakamize banja kudya cinthu conyansa m'maso, koma si poizoni.

Ena amaopa kuti nsomba yotere imapatsa likodzo. Si zoona. Nyongolotsi ya likodzo ndi ya mtundu wofanana ndipo nayonso imaculukana mu nkhono, koma imalowa pa khungu munthu akamasamba, kucapa kapena kuwedza ataimirira m'madzi. Madzi odekha okhala ndi udzu ndiwo amakondedwa ndi nkhono zamitundumitundu, motero msodzi ndi mwana wosambira ku damu ali pangozi kuposa wodya nsomba yophika. Wokodza magazi apite ku kiliniki akapimidwe mkodzo; mankhwala ake ndi praziquantel.

Matumbo ndi zam'matsaya zocotsedwa potumbula zisatayidwe m'mbali mwa mtsinje kapena damu, pakuti mbalame zikatola zimabwezera mazira m'madzi. Ndi bwino kuzikwirira m'dzenje kapena kuziocha. Eni maiwe oweteramo nsomba azicotsa udzu wa m'mphepete mmene nkhono zimabisala, ndi kuingitsa akakowa.