Mwana Mmodzi, Mayina Awiri

Kale mwana sankatchedwa dzina tsiku lobadwa. Ankadikira kuti mchombo ugwe, atuluke m'chikuta, ndipo kawirikawiri opereka dzina anali agogo kapena wachibale wamkulu, amenenso ankaponyapo kamphatso. Dzinalo linkanena zimene banja ladutsamo. Wobadwa pa nthawi ya njala kapena matenda ankakhala Mavuto kapena Masautso. Kumene ana ankangomwalira motsatizana, wotsatira ankatchedwa Maliro kapena Manda.

Apa ndi pamene pagona mkangano lero. Makolo achinyamata, makamaka opemphera, amati dzina limamutsata mwini wake, choncho amafuna Madalitso, Chisomo, Favour kapena Blessings. Agogo amaona ngati alandidwa udindo wawo, ndipo sikuti akulakwa kudandaula: dzina la malemu limene ankafuna kudzutsa latayidwa popanda kuwafunsa n'komwe.

Boma nalo lasintha zinthu. Kuyambira mu 2015 kulembetsa mwana wobadwa n'kokakamiza m'Malawi, ndipo ntchitoyi ili m'manja mwa National Registration Bureau. Mayi amatha kufunsidwa dzina akadali kuchipatala, agogo asanamuone n'komwe mdzukuluyo.

Komabe agogo sagonja msanga. Favour wa m'tauni akatsika minibasi kumudzi, agogo aakazi amamulandira ndi nthungululu, n'kumuitana ndi dzina lawolawo, mwinanso "amuna anga" ngati ndi mnyamata. Mayi ake nkhope gwa! Mwanayo amangoyankha konsekonse.

Makolo, kambiranani ndi agogo za dzina mwana asanabadwe, fomu isanalembedwe.